Foto ya Bibiana

Recife, Brazil
14 Setemburo, 2004

Mano Dinis, mlongo wanga,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Chiputo, inu ndi alamu anga a Augusta ndi ana? Amayi mwendo uja ukuwavutabe? Ine ndili bwino, kungoti kuno kumatentha mwa chinyezi, thukuta limatuluka ngakhale utangokhala. Mundiuze ngati denga la tchalitchi munamaliza, ndiponso ngati ng'ombe ija inabereka.

Munafunsa kuti ntchito yanga ndi yotani kwenikweni, poti kumudzi akuti ndikuphunzira kujambula anthu. Sindijambula ayi. Tilipo anayi m'chipinda chimodzi pa univesidade, tikuphunzitsa komputadori kuzindikira nkhope. Timaionetsa mafoto awiri, iyo n'kuyeza kutalikirana kwa maso, mphuno, chibwano ndi mphumi, kenako n'kunena ngati ndi munthu mmodzi kapena ayi. Imalakwitsa, koma chaka chino ikuchita bwino kuposa chaka chatha, ndipo chaka chamawa idzaposa apa. Za ichi sindikayika.

Tsopano chimene ndalembera. Mukukumbuka anthu aja ankayenda m'misasa ndi m'midzi ya m'malire nthawi ya nkhondo, akujambula ana otayika? Bungwe lina limene linkachita zimenezo latipatsa mafoto ake onse, masauzande, a ku Zambia, ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Ambiri mwa mafotowa sanafikepo ku msasa wa Ukwimi kumene tinathawira ife. Munthu sangawaone onse n'kusunga nkhope m'mutu, koma komputadori ingathe.

Mano, ndikufuna foto ija ya mng'ono wanga Bibiana, imene anajambulidwa ku misau, kwa a padiri kuja, ali ndi zaka zinayi, tisanathawe. Amayi amaisunga m'chitini. Muipereke kwa a padiri a ku Fingoe, iwo adziwa katumizidwe kake. Koma musawauze Amayi chifukwa chake. Chitayikireni mwanayo mu 1987 akhala akungoyang'ana kunjira, ndipo sindifuna kuwadzutsa mtima pa chinthu chimene mwina sichitheka.

Ndine mlongo wanu,
Elsa


Chiputo
2 Novemburo, 2004

Mlongo wanga Elsa,

Moni. Tili bwino tonse. Kalata yako inabwera ndi kamyau, galimoto yaikulu ija ya a Nazário, aja amagula chimanga. Ng'ombe inabereka yaikazi. Denga la tchalitchi lafika pakati, malata anatha, ndiye mvula ikagwa amuna amanyowa, akazi ali pouma. Anyamata ambiri athawira kokumba golide cha ku Fingoe, minda akulima ndi amayi awo.

Za foto wandiika m'mavuto. Ndinawapeza Amayi kumunda akusosa, ndinati, "Elsa akupempha foto ya Bibiana."

Iwo anati, "Ya chiyani?"

Ndinati, "Sananene."

Anaika khasu pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Udziwe kuti sabata yomweyo n'kuti titangomaliza kuika simenti ndi mtanda pa manda a Bambo. Ndiye anati, "Mwamaliza manda a bambo anu, tsopano mukufuna a mwana wanga."

Ndinakana, koma pokana popanda kufotokoza ndinangooneka wabodza. Chitini chija achichotsa pamene chinkakhala. Amapita nacho kumunda, amapita nacho ku Misa, atachimanga m'nsalu. Kwanga anasiya kudzadya. Augusta akawatengera ndiwo amalandira, ine ndikawapatsa moni amayankha akuyang'ana kumbali.

Ndikanawauza zoona, koma ndinganene chiyani? Ineyo sindikumvetsa kuti makina angadziwe bwanji nkhope ya mwana amene sanamuonepo. Ndikayamba kufotokoza ndikakamira pakati, ndiye ziipiraipira. Iwe ndiwe mwini nkhani, uwalembere wekha. Nawonso akulembera yawo, ili mu envulopu yomweyi. Sindinaiwerenge, koma poona nkhope ya Augusta atamaliza kulemba, ukhale pansi usanaitsegule.

Dinis


Elsa mwana wanga,

Ndine mayi ako, Quitéria. Akulemba ndi mpongozi wanga Augusta, ndipo ndamuuza kuti asasinthe mawu anga. Moni. Ukudya bwino kumeneko? Mwendo wanga uli bwino.

Ndamva kuti ukufuna foto. Sindikupatsa. Ndikudziwa zimene mwapangana ndi mlongo wako, kuti muikuze, muiike m'galasi, a padiri awerenge dzina lake pamodzi ndi akufa. Bambo ako ndinawaona ndi maso anga akutsitsidwa m'manda, n'chifukwa chake ndinavomera simenti ndi mtanda. Bibiana anamuona ndani? Tsiku lija mfuti zitalira pa mtsinje aliyense anathawira kwake. Iwe unathawa ndi ine, Dinis anathawa ndi bambo ako, ine ndinkati mwana ali nawo, iwo ankati ali nane. Titabwerera tinapeza akufa, ndipo ndinawatembenuza mmodzimmodzi. Iye panalibe. Munthu amene sindinamupeze pakati pa akufa sindingamulire maliro.

Unaphunzira, unawoloka nyanja, ndimakunyadira pamaso pa anthu. Koma usandiphunzitse kuiwala.

Mayi ako


Recife
9 Janeyiro, 2005

Amayi anga okondedwa,

Moni. Ndikhulupirira kuti chimanga chamera bwino. Kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira pakhomo la koreyo, kumene timalandirira makalata, ndipo ndinalira anthu akundiona. Mano Dinis musawakwiyire, ndine ndinawatseka pakamwa.

Amayi, sindikufuna kuika Bibiana m'manda. Ndikufuna kumufunafuna.

Kuno tili ndi mafoto a ana amene anapezeka okha nthawi ya nkhondo. Ndi ochuluka kwambiri, moti munthu atati awaone onse maso angatope, nkhope zonse n'kuyamba kufanana. Makina amene ndikugwira nawo ntchito satopa. Ndikawaonetsa nkhope ya Bibiana, adutsa m'mafoto onsewo n'kupatula ochepa ofanana naye, monga mmene inu mumapatulira mbewu pa lichero. Sanganene kuti uyu ndi mwana wa a Quitéria. Zimenezo mudzanena ndinu. Mwinanso sanajambulidwe n'komwe, ndipo ndikukuuziranitu kuti mudziwe. Koma ngati alimo, ndili ndi chikhulupiriro kuti timutulutsa.

Foto isachoke m'manja mwanu. Ndinalakwitsa kunena kuti itumizidwe. Ku Tete, pafupi ndi msika, kuli sitolo ya dona Yolanda, amene ali ndi makina okopera mafoto. Amaika foto pagalasi, kuwala kumadutsa pansi pake, basi, n'kukubwezerani. Chokopacho amanditumizira pa intaneti tsiku lomwelo. Ndalankhula nawo kale, akukudikirani. Mvula ikatha mupite ndi mano Dinis.

Mundiyankhe, ngakhale kuli kukana.

Mwana wanu,
Elsa


Chiputo
24 Abirili, 2005

Elsa,

Moni, tili moyo. Usadabwe kuti takhala chete. Mvula ya chaka chino inadula msewu, kalata yako inagona ku Fingoe mpaka mwezi uno. Nthawi yonseyo Amayi ankati, "Wakwiya, musiyeni. Akafuna mayi adzalemba." Koma akamva kulira kwa galimoto ankatuluka.

Itafika, Augusta anawawerengera pakhonde. Atamaliza, Amayi anati, "Werenganso." Anawerenganso. Kenako ananditumizira mwana kudzanditenga, koyamba chiyambire Novemburo. Ndinafika ndikuyembekeza kupepesedwa. Iwo anati, "Iwe ndi mlongo wako ndinu opusa. Mumaopa kudzutsa mtima umene sunagonepo? Kamyau inyamuka liti?"

Tinapita. Anakhala pamwamba pa matumba a chimanga, chitini chili pamiyendo, ndipo sanadandaule ngakhale kamodzi, pamene ine msana unkafuna kuthyoka. Ku Tete anali asanafikekonso chithere nkhondo. Dona Yolanda anatilandira bwino. Atatambasula dzanja kuti alandire foto, Amayi anati, "Ndiika ndekha, ndionetseni poika." Anaiika pagalasi, ndipo chivundikiro chitatsekedwa anaikapo dzanja lawo mpaka kuwala kutadutsa.

Kenako nkhope inatuluka pa komputadori, yaikulu ngati ya munthu wamoyo. Elsa, ine ndinali nditaiwala kuti anali ndi diresi la madontho. Amayi anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, n'kunena kuti, "Tsitsi limeneli ndinamuluka ndine m'mawa mwake." Dona Yolanda anatisindikizira mafoto awiri aakulu.

Akuti yafika kwa iwe. Tsopano ntchito ndi yako. Amayi akuti ndikuuze kuti usafulumire, uchite bwinobwino. Koma dzulo lomweli andifunsa ngati wayankha.

Dinis


Recife
3 Julyo, 2005

Amayi ndi mano Dinis,

Moni nonse. Mwakolola bwanji? Ndachedwa chifukwa poyamba makina anatichititsa manyazi. Titawapatsa nkhope ya Bibiana anatipatulira ana mazanamazana, anyamata ndi atsikana omwe, osafanana naye n'komwe. Mnzanga Januário ndiye anazindikira: onsewo anajambulidwa ataima kukhoma loyera, monga anaimira Bibiana ku misau. Makina ankaona khoma, osati mwana.

Panalinso vuto lina. Makinawa anaphunzira pa nkhope za azungu akuluakulu, ojambulidwa powala bwino. Mafoto athu ndi akale, a ana akuda ataima padzuwa la masana, maso ali mumthunzi. Purofesora wathu, dona Paula, anati mwina tidikire chaka china. Ndinakana. Ine ndi Januário tinadula nkhope iliyonse kuichotsa pakhoma pake, tinakonza kuwala, kenako tinafufuza ana amene anajambulidwa kawiri pa nthawi zosiyana, n'kuphunzitsa makina ndi iwowo. Titawayesa ndi ana amene tikudziwa kale yankho lake, anayamba kupeza ambiri. Dona Paula tsopano akuti tilembe zimenezi kuti ofufuza ena aphunzirepo.

Ndiye tinayesanso Bibiana. Nkhope khumi ndi ziwiri zimene zinatuluka pamwamba ndazisindikiza, zili mu envulopu imeneyi. Kuseri kwa iliyonse ndalemba mudzi umene mwanayo anajambulidwira ndi dzina la amene ankamusunga. Sindinaziike mu ndondomeko ya makina, ndazisakaniza dala, kuti maso anu asatsatire maganizo anga. Ndili naye amene ndikumuganizira, koma sindinena.

Muziyang'ane masana, osathamanga. Ngati mulibe, munene kuti mulibe, tidzayesanso. Mafoto ena a ku Malawi akubwerabe.

Elsa


Chiputo
18 Setemburo, 2005

Elsa,

Moni. Ndangobwera kumene kuchokera ku Zambia, miyendo idakatupa, koma sindingadikire.

Amayi anayala mafoto aja pamphasa. Anachotsa khumi mosavuta, n'kutsala ndi awiri: wa ku Nyimba ndi wa mudzi wina kufupi ndi Katete. Ndinati ndipite ndekha pa njinga. Anati, "Iwe ukadziwa chiyani?" Ndiye ndinawakweza kumbuyo mpaka kumalire, kuchokera apo tinakwera magalimoto.

Wa ku Nyimba si iye. Makolo ake anapezeka kalekale, anabwerera nawo ku Zumbo. Amayi anangoti, "Zikomo kwa Mulungu, ameneyo ali kwawo. Tiyeni."

Ku Katete tinafunsa za mayi Tikambenji, dzina limene unalemba kuseri. Tinawapeza akupeta pabwalo, mayi wachikulire wamng'ono thupi. Anatipatsa mpando, tinapatsana moni bwinobwino. Nditangoti, "Ine ndine Dinis, tachokera ku Mozambiki," lichero linagwa. Anayamba kukuwa kuti kuno kulibe mwana wa munthu, tichoke, aitana apolisi. Anthu anasonkhana.

Pamenepo mtsikana wina anatulukira kuchokera kumjigo, ndowa ili pamutu, khanda lili kumbuyo. Elsa, amayenda ngati iwe. Mphumi ndi ya Bambo. Anatiyang'ana, anayang'ana mayi aja, anatula ndowa n'kuwagwira dzanja, n'kulowa nawo m'nyumba. Chitseko anatseka.

Ine ndinkafuna kugogoda. Amayi anandigwira malaya. Anatulutsa imodzi mwa mafoto aakulu aja a ku Tete, anandiuza kuti ndilembe adiresi yako ndi yathu kuseri, anaiika pampando n'kuipsinja ndi mwala. Anayang'ana kuchitseko n'kunena mokweza, "Mayi, mwalera bwino. Ife tapita."

Panjira ndinawafunsa kuti tabwerera chiyani manja ali lende, titayenda mtunda wonsewo. Anati, "Ndamuona ali wonenepa, ali ndi mwana, ali ndi munthu womutchinga. Ndimuthyolere chitseko ngati msilikali? Abwera."

Ine sindikudziwa ngati abweredi. Amayi ayamba kuumba njerwa.

Dinis


Katete, Zambia
6 Novembala, 2005

Kwa a Elsa,

Moni. Simundidziwa, nanenso sindikudziwani. Dzina langa ndine Rebeka, ndimagulitsa tomato pamsewu, amuna anga ndi kalipentala. Ndasankha kulembera inu chifukwa muli kutali, simungabwere kudzandinyamula.

Anthu aja atachoka, amama anadwala, osadya. Ine ndinatenga pikicha ija n'kuiika pafupi ndi nkhope ya mwana wanga. Sindinafunse kanthu. Patapita masiku anandiitana okha n'kundiuza zonse. Ndinkadziwa kuti sanandibale, koma ankati makolo anga anafa. Akuti anandipeza m'njira ya kumalire, ndili m'gulu la anthu othawa amene sankadziwa kuti ndine wa yani, thupi lili moto. Iwo anali ataika ana awo awiri chaka chomwecho. Anandibereka kumbuyo mpaka kunyumba. Anthu ojambula atabwera koyamba analola. Atabweranso kudzafunsa, anandibisa m'nkhokwe n'kunena kuti ndinapita.

Akutinso miyezi yoyamba ndinkangolira kuti "Dini, Dini." Ankayesa kuti ndikufunsa kuti ndani. Tsiku lija bambo aja atatchula dzina lawo, m'pamene anamva chimene ndinkaitana.

Ndinakwiya nawo, sindinama. Kenako ndinawaphikira phala, chifukwa palibenso wina wowaphikira.

Aphunzitsi a pasukulu pano akuti inu ndinu munandipeza ndi kompyuta. Sindikudziwa ngati ndikuthokozeni. Ndinali munthu mmodzi, tsopano ndikuuzidwa kuti ndine awiri. Za mtsinje sindikumbuka chilichonse. Ndimangokumbuka kukhala pamapewa a munthu, nditagwira makutu ake.

Ndili ndi mafunso. Kodi munandifunafuna? Nanga mayi aja amene anaika mwala papikicha, ndi aukali? Ngati ndingapite kumeneko, ndipita ndi amama, ndipo wina asawanene. Dzina langa likhala Rebeka. Ndipo ndidzabwerera kuno, kwanga ndi kuno. Ngati zimenezi n'zovuta, mundiuze, tisavutane.

Rebeka


Chiputo
11 Junyo, 2006

Elsa mwana wanga,

Ndine mayi ako, akulemba ndi Augusta. Moni. Tamva kuti ubwera mu Dezemburo, ubwere mvula isanatseke msewu.

Anabwera. Anadikira kukolola, monga analembera atalandira yankho lako. Anafika Loweruka masana pa kamyau ya a Nazário, iye, mwana wake, ndi mayi Tikambenji. Mayiwo anakana kutsika. Anakhala pamatumba atafunda nsalu kumutu, akuti anthu a kuno awagenda. Ndinakwera ndekha pa tayala, ndi mwendo wangawu, n'kuwauza kuti, "Mayi, ine ndinamulera zaka zinayi, inu zonse zotsalazo. Tsikani, mukandiuze mmene anakulira." Anatsika. Akugona m'nyumba yatsopano, yanga ija ya njerwa. Amalankhula kwambiri akazolowera. Ndadziwa tsopano kuti anadwala chikuku, kuti ankaopa atsekwe, kuti kusukulu ankamenya anyamata.

Dinis anabwera kudzamulonjera, mwamuna wamkulu ndevu zili mbuu. Mng'ono wako ndiye anayamba. Anamuyang'ana n'kunena kuti, "Makutu ndi omwewa." Anthu anaseka, Dinis anapita kuseri kwa khola, anakhalako nthawi.

Ndikumuitana Rebeka monga anapemphera. Lilime limaterereka nthawi zina, iye amangondiyang'ana, ine n'kukonza. Anapita kumanda a bambo ake, anazula udzu. Abwerera ku Katete sabata yamawa, akuti adzabweranso iwe ukadzafika, akufuna akuone ngati mumayendadi mofanana.

Tsopano imva. Chifikireni iye, pakhomo pano sipakutha anthu. Anastácia wa ku Malowera wayenda pansi kubwera ndi foto ya mwana wake wamwamuna. Ena abwera atatu, ena alibe ngakhale foto, angobwera ndi dzina. Ndawauza zimene unandiuza iwe, kuti makina amangopatula, sanganene, ndiponso kuti mwina mwanayo mulibe. Akuti ayesabe. Ndiye pobwera utenge makina ako okopera, anthuwa sangathe onse kukwera matumba mpaka ku Tete. A padiri avomera kuti uzidzagwirira ku misau, kuli magetsi a dzuwa.

Mng'ono wako sananditchulebe kuti amayi. Amayi ake ndi a Tikambenji, ndipo sindikulimbana nazo. Ine amanditcha "amake Dini." M'mawa uno ndili kumunda ndinamva akuitana kuchokera pakhomo, "Amake Dini, madzi afunda, bwerani mudzasambe!" Ndinasiya khasu pomwepo n'kupita.

Mayi ako,
Quitéria